Chubu cha pakhosi chikabweretsa matenda m'magazi: zimene tinaona pa alamu anga

Ndine namwino, ndipo ntchito yanga ndi ya m'chipinda cha odwala mwakayakaya pachipatala china ku England. Odwala ambiri amene amafika m'manja mwanga amakhala ndi chubu chofewa cholowetsedwa mumtsempha waukulu wa pakhosi, kapena kunsi kwa fupa la paphewa, mwinanso m'mphechepeche mwa ntchafu. Kuntchito timachitcha central line. Musachisokoneze ndi kanyula wa padzanja amene amalumikizapo diripi. Ichi chimatsetsereka m'kati mwa mtsempha mpaka nsonga yake kukaima pafupi penipeni ndi mtima. Mankhwala okweza BP ya munthu amene wafooka kwambiri, chakudya chamadzi cha amene matumbo ake sakugwira ntchito, ndi mankhwala ena a khansa amawononga timitsempha ta padzanja, n'chifukwa chake amadzera m'chubuchi. Odwala impso ambiri amayambanso dialysis, kumene ndi kusefa magazi ndi makina m'malo mwa impso, ndi chubu cha mtundu womwewu, koma chokulirapo, chokhala ndi michira iwiri, wofiira ndi wabuluu.

Chubuchi chapulumutsa anthu osawerengeka, koma chimaboola khungu, ndipo bowolo silitsekeka chikadalipo. Tizilombo timapezerapo njira ziwiri. Ina ndi yotsetsereka kunja kwa chubu kuchokera pakhungu lozungulira bowolo, ndipo imeneyi ndi imene imavuta kwambiri m'masiku oyambirira. Ina ndi ya m'kati, kudzera pakamwa pa chubu pamene timalumikizapo jakisoni ndi mapaipi a makina, ndipo imakula mphamvu chubu chikakhalitsa. Tikangokhazikika papulasitikiyo timadzikuta ndi zoterera, ngati ndere zimene zimamera m'kati mwa mtsuko wamadzi ukakhala wosatsukidwa. Mankhwala amavutika kulowa m'zotererazo, ndipo nthawi iliyonse madzi akadutsa m'chubumo amakokololako tizilombo tina n'kutilowetsa m'magazi.

Izi ndinkazidziwa monga za kuntchito, mpaka pamene zinafika m'banja mwathu. Impso za alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu, zinasiya kugwira ntchito chifukwa cha BP ndi shuga zimene anakhala nazo kwa zaka zambiri. Kumudzi anawaika chubu pakhosi n'kuyamba kupita ku makina. Miyendo inaphwa, anayambanso kudya, tonse mitima inakhala pansi. Kenako usiku wina m'mwezi wa October, nyengo imene dzuwa limaswa mtengo, achemwali anandiimbira pa WhatsApp.

"Iwe, alamu ako akunjenjemera chibwerereni ku makina. Tawafunditsa mabulangete awiri koma mano akungogundana. Ndi malungo amenewa, LA tagula kale."

Ndinati, "Achemwali, yatsani kamera mundionetse pakhosi pawo."

Anawalitsa ndi tochi ya foni ina. Pulasitala woonekera uja anali atamatuka mbali ya kumunsi, m'mphepete mwake mutapindika ndi kuda chifukwa cha thukuta ndi fumbi. Kathonje ka m'kati kanali konyowa. Khungu lozungulira pamene chubu chinalowera linali lofiira ndi lotupa mpaka kumawala, ndipo pa ulusi umene anasokera chubucho panali pataumira timafinya tachikasu. Alamu ankapuma mofulumira, ndipo nditawapatsa moni anandiyankha ndi dzina la mwana wawo wamkazi. Apa mtima wanga unapita m'mwamba, chifukwa munthu wotentha thupi akayamba kusokonezeka chonchi, zikhoza kutanthauza kuti magazi sakufika mokwanira ku ubongo.

Ndinawauza kuti asadikire kuti kuche. Apeze galimoto nthawi yomweyo, ndipo akafika akanene zinthu zitatu: munthuyu ali ndi chubu cha dialysis pakhosi, watentha thupi, ndipo pachubupo pali mafinya.

Sindiwaimba mlandu achemwali poganiza za malungo. Kwathu munthu akazizidwa n'kutentha thupi, aliyense amayamba waganiza za udzudzu, ndipo kawirikawiri amakhala akulondola. Koma munthu wa chubu ndi wina. Matenda a m'magazi ochokera m'chubu amayamba chimodzimodzi ndi malungo: kuzizidwa, kunjenjemera, kuphwanya m'thupi, kusanza. Chimene chimawaulula ndi nthawi yake. Kunjenjemera kukayamba munthu ali pamakina, kapena patangopita kanthawi chimubayireni mankhwala m'chubumo, yambani mwakayikira chubu. Dziwaninso kuti pakhosi pakhoza kuoneka bwinobwino, popanda kufiira kapena mafinya, tizilombo tili m'kati. Malungo ayezedwe ndithu, koma ngakhale atapezeka, zimenezo sizikutanthauza kuti chubu chilibe mlandu, popeza munthu akhoza kudwala zonse ziwiri. LA ndi panado zimangochedwetsa ulendo, ndipo panado amatsitsa kutentha n'kukunamizani kuti zinthu zayamba kuyenda.

Kuchipatala malungo sanapezeke. BP inali itatsika. Anatenga magazi n'kuwathira m'mabotolo a ku labu asanayambe kuwabaya mankhwala, ndipo dongosolo limeneli ndi lofunika, chifukwa mankhwala akatsogola tizilombo tikhoza kukana kumera m'botolo, madokotala n'kutsala akungoganizira. Patapita masiku ochepa zotsatira zinaonetsa Staphylococcus aureus. Kachilombo kameneka kamakhala pakhungu ndi m'mphuno mwa pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse osamudwalitsa, koma kakalowa m'magazi kamatha kukamera pa zitseko za m'kati mwa mtima, m'mafupa a msana kapena m'mfundo. Kakapezeka, chubu chimayenera kuchoka, palibe kunyengerera. Anachichotsadi, n'kuika china chongoyembekezera m'mphechepeche kuti dialysis isaime, ndipo alamu anabayidwa mankhwala kwa masabata angapo. Anatuluka ali owonda, koma ndi moyo.

Ali m'chipatala muja, achimwene athu amene amagwira ntchito ku Johannesburg analemba pagulu la banja. Anati aona pa intaneti kuti kuli machubu opakidwa mankhwala opha tizilombo, ndipo tisonkherane tigule chimodzi, iwo achitumiza pabasi. Anali atafunsa kale mitengo. Ndinawamvetsa kwambiri, chifukwa munthu ukakhala kutali umafuna chinthu choti ugule, utumize, umve kuti nawenso wathandizapo. Zimene ndinawayankha ndi zimene ndikufuna ndikuuzeni nanunso, chifukwa machubu amenewa ndawagwira ndi manja anga.

Alipodi, ndipo si zachinyengo. Mitundu yodziwika kwambiri ndi iwiri, ndipo mankhwala ake si achilendo kwa ife. Wina amaupaka chlorhexidine, yemwe uja amapaka pamchombo wa khanda, pamodzi ndi silver sulfadiazine, amene amapezeka m'mafuta oyera opaka pa zilonda za moto. Wina amaunyika mu minocycline ndi rifampicin, ndipo rifampicin aliyense amene anasamalirapo wodwala TB amamudziwa, ndi amene amafiiritsa mkodzo. Mankhwalawa amatuluka pang'onopang'ono m'pulasitikimo kuti tizilombo tilephere kukhazikika. Mu 1999 ofufuza a ku United States anayerekeza mitundu iwiriyi. Pa machubu 356 a minocycline ndi rifampicin, chimodzi chokha ndi chimene chinabweretsa matenda m'magazi, pamene pa machubu 382 a mtundu winawo, 13 anabweretsa matendawa. Nthawi imeneyo a chlorhexidine ankapakidwa kunja kokha, ndipo pambuyo pake opanga anayamba kupakanso m'kati.

Koma nkhani siithera pamenepo. Mu 2016 bungwe la Cochrane, lounika kafukufuku wa zaumoyo, linasonkhanitsa kafukufuku 57 wokhudza machubu opitirira 16,000 oikidwa mwa anthu akuluakulu. Anapeza kuti machubu opakidwa mankhwala amachepetsadi matenda a m'magazi ochokera m'chubu, koma pang'ono: pa odwala 50 alionse oikidwa chubu chotere, mmodzi ndi amene amapewa matenda amene akanadwala. Pa chiwerengero cha omwalira sanaone kusiyana. Mmodzi pa 50 si wochepa ngati mmodziyo ndi m'bale wako, ndipo ine sindinyoza zimenezo. Komabe enawo amapulumuka kapena kudwala pa zifukwa zina. Ku England komwe kuno anayesanso machubu opyapyala onyikidwa m'mankhwala pa makanda obadwa masiku asanakwane, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2019 sizinaonetse phindu. Mphamvu ya mankhwala opakidwawo imapitanso ikuchepa pakadutsa masiku ndi masabata, pamene chubu cha dialysis munthu amakhala nacho miyezi. Kafukufuku wambiri anachitika pa machubu a masiku ochepa a m'chipinda cha odwala mwakayakaya, amene ndi osiyana ndi chimene alamu ankafunikira. Chimene achimwene anapeza pa intaneti chinali cha mtundu umenewo, choti sichikanatha n'kukoka komwe magazi okwanira makina.

Malangizo a bungwe loona za kupewa matenda la CDC ku United States a 2011, ndi a ku England a 2014, amanena chinthu chofanana. Chubu chopakidwa mankhwala chiganiziridwe ngati chikuyembekezeka kukhala masiku opitirira 5, komanso ngati chipatala chachita kale zonse zoyenera pa ukhondo koma matenda sakutsika. Palinso chenjezo limene achibale ayenera kulidziwa. Anthu ena thupi lawo limadana ndi chlorhexidine, ndipo alipo amene BP yawo inagwa mwadzidzidzi, kupuma n'kubanika, atangoikidwa chubu chotere. Ngati m'bale wanu anatupapo kapena kutuluka zidzolo atapakidwa mankhwalawa, nenani asanamuike chubu chilichonse.

Zimene zinagwetsadi matendawa ndi zina, ndipo n'zotsika mtengo. Dokotala wina wa ku yunivesite ya Johns Hopkins, Peter Pronovost, anatsogolera ntchito m'zipinda 103 za odwala mwakayakaya m'chigawo cha Michigan ku United States, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2006. Anangolimbikira kuti woika chubu asambe m'manja, avale zonse zodzitetezera ndi kufunditsa wodwala nsalu zophikidwa kuyambira kumutu mpaka kumapazi, atsuke khungu ndi chlorhexidine, apewe m'mphechepeche ngati pali malo ena, ndipo chubu chichotsedwe chikangotha ntchito. Palibe dokotala amene sankazidziwa zimenezi. Chatsopano chinali chakuti anamwino anapatsidwa mphamvu zoimitsa dokotala aliyense, ngakhale wamkulu, akadumpha chimodzi. Matenda anatsika mpaka ndi 66 peresenti m'miyezi 18. England inatengera njira yomweyi mu 2009, ndipo ndi imene ine ndinaipeza nditafika kuno.

Pa wodi yathu machubu opakidwa mankhwala timaika kwa ena, makamaka amene tikuona kuti akhalitsa. Ndaonapo wodwala ali ndi chubu choterocho akudwalabe matenda a m'magazi, ndipo ndaona ambiri a chubu wamba akutuluka osadwala. Kusiyana kwake ndimakuona usiku, mabelu a makina akulira mbali zonse, ndili ndi majakisoni angapo oti ndipereke. Ndisanalumikize jakisoni aliyense ndimasamba m'manja, kuvala magolovesi, kung'amba kapepala kokhala ndi kansalu konyowa ndi chlorhexidine wosakaniza ndi sipiriti, n'kukuta kamwa ya chubu. Ndimapotokola kansaluko uku ndi uku mwamphamvu, ndikuwerenga mumtima mpaka 15, kenako ndimagwira kamwayo m'malere osaigunditsa pa chofunda kapena pakhungu mpaka iume yokha. Kuuzira ndi pakamwa kuti iume msanga n'kuthirapo tizilombo tina. Masekondi amenewo amaoneka ambiri pamene wodwala wa bedi lina akukufuna, ndipo chubu chimodzi chimatsegulidwa kambirimbiri tsiku lisanathe. Palibe mankhwala opakidwa ku fakitale amene angalowe m'malo mwa kupukuta kumeneku. M'mawa uliwonse madokotala akamazungulira timafunsanso za wodwala aliyense ngati chubu chake chikufunikabe, ndipo yankho likakhala lakuti ayi, chimachoka tsiku lomwelo.

Kwathu kupewa n'kofunika kuposa kuno, chifukwa matenda akalowa mankhwala owagonjetsa ndi ochepa. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre anaunika tizilombo topezeka m'magazi a odwala kuyambira 1998 mpaka 2016. Pofika kumapeto kwa zaka zimenezo, pa tizilombo ta Klebsiella 10 tilitonse, pafupifupi 9 tinali titasiya kumva mankhwala a gulu la ceftriaxone, amene zipatala zathu zimadalira kwambiri. Klebsiella ndi kamodzi mwa tizilombo timene timalowera m'machubu. Alamu anachita mwayi kuti kachilombo kawo kanamva mankhwala amene analipo.

Titakhala pansi ndi achemwali kufufuza mmene zinayambira, tinapeza kuti nkhani inali pa kusamba. Alamu ndi munthu waukhondo, ndipo m'nyengo yotentha ija ankadzithira madzi a m'ndowa kuyambira kumutu, ataphimba chubu ndi jumbo. Madzi ankalowabe, pulasitala n'kumamatuka, ndipo achemwali ankamumatanso ndi zala kuti afike tsiku la makina. Atatuluka ndi chubu chatsopano tinasintha zonse. Kusamba kwa madzi othira kunakhala kuyambira m'chiuno kutsika, kumtunda n'kumangopukuta ndi kansalu kofinya, kutali ndi pulasitala. Kumeta ndevu kunakhala kwa pang'onopang'ono, mbali ya chubu osayandikirako ndi lezala. Malaya anakhala otsegula kutsogolo, kuti michira ija isakokedwe povula. Pakhomo panalibenso wololedwa kutsegula zotsekera za chubu kapena kupakapo mafuta, phulusa, kaya mankhwala a zitsamba. Tinagula kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, ndipo tinagwirizana kuti kutentha kukafika 38, kapena akayamba kunjenjemera, ulendo wa kuchipatala ndi wa nthawi yomweyo. Ndalama zimene tinkafuna kugulira chubu chija zina zinakhala za galimoto ya usiku, zosungidwa padera kuti pasakhale kuyamba kukongola munthu akubanika.

Pulasitala woonekera amayenera kusinthidwa pakatha masiku 7, wa thonje pakatha masiku 2, koma akanyowa, akada kapena akamatuka sadikira tsiku. Chimenechi n'chimene chinawavuta achemwali.

"Ife magadiyani tingakawauze anesi zochita? Adzatiyesa amwano, alamu ako n'kumadzawasiya kumapeto kwa mzere."

Mantha amenewa ndi enieni, ndipo ndikudziwa mmene namwino mmodzi amathamangira pakati pa odwala ambiri, nthawi zina magolovesi ndi mapulasitala zili zoperewera. Koma gadiyani ndi amene amagona pafupi ndi wodwala, ndi amene amaona pulasitala akuyamba kupindika namwino asanafike. Ndinawauza kuti asalamule, angonena zimene aona ndi kupempha. "Anesi, pepani, pulasitala uyu wanyowa, mungatithandize kumusintha lero?" Kapena dokotala akamadutsa: "Adokotala, kodi chubuchi chikhala mpaka liti, nanga pali njira ina?" Ine monga namwino, wachibale akandiuza kuti pulasitala wamatuka ndimathokoza, chifukwa wandionera chimene chikanandidutsa. Achemwali anayesa, mawu akunjenjemera, ndipo namwino wa tsikulo anasintha pulasitala n'kuwaonetsanso malo oti aziyang'ana.

Funso lachiwiri lija ndi limene linatsegula nkhani ya fistula. Iyi ndi opaleshoni yaing'ono imene dokotala amalumikiza mtsempha wochokera kumtima ndi wobwerera kumtima padzanja, kuti wobwererawo ukule ndi kulimba, azibayapo singano za makina. Zikatero m'thupi simukhalanso pulasitiki yolendewera, khungu limatsekeka pakati pa masiku a makina, ndipo matenda a m'magazi amachepa kwambiri poyerekeza ndi chubu. Fistula imatenga masabata 6 kapena miyezi ingapo kuti ikhwime, choncho amene ayamba dialysis ndi chubu afunse za iyo msanga, asadikire kuti adwale kaye monga tinachitira ife. Ndalama zotsala za achimwene zinapita kumeneko. Dzanja la fistula saliyeza BP, salitenga magazi, saligonera, ndipo savalapo wotchi yothina. Itakhwima, chubu cha alamu chinachotsedwa.

Si onse amene angathe kusiya chubu. Ena mitsempha yawo ndi yofooka moti fistula imakana, ena ali pa mankhwala a khansa ndipo ali ndi chubu cholowera pamkono kapena pachifuwa kwa miyezi. Kwa amenewa zonse ndanenazi zimagwira ntchito chimodzimodzi, ndipo a khansa achite changu kuposa onse, chifukwa mankhwala awo amagwetsa chitetezo cha m'thupi ndipo matenda amathamanga m'maola ochepa. Chubu chikasololoka mwangozi musachibwezere m'kati. Mugonekeni munthuyo, kanikizani pabalapo mwamphamvu ndi nsalu yoyera, n'kunyamuka. Chotsekera chikagwa, onetsetsani kuti kopanira ka pamchirawo n'kotseka kuti mpweya usalowe mumtsempha, ndipo musatole chotsekera chakugwacho n'kuchibwezerapo. Mukafika kuchipatala ndi munthu wotentha thupi musakhale chete pamzere kudikira nthawi yanu. Pitani kwa namwino woyamba amene mwamuona, muonetseni chubucho, ndipo muuzeni nthawi imene kunjenjemera kunayamba.